Mswachi wa a Lonzie

Kwathu kuno ku Gaston Ferry, m'chigawo cha Alabama ku America, sitionera maluwa kuti chisanu chatha. Timaonera mabasi. Amakhotera pa tchalitchi cha Nebo, mabasi aatali oti dalaivala akamaimika pa tchalitchipo matayala akumbuyo amakhala akadali ku chigawo china cha Tennessee. M'menemo mumatsika ana a sekondale ochokera kutali kumpoto, azungu, akuda ndi ena oti sungadziwe, aliyense botolo la madzi kumanja ngati anawauza kuti kuno mitsinje tinagulitsa. Amabwera kudzamva za nthawi ija anthu akuda ankamenyera ufulu wovota, ndipo kwa zaka zambiri wowafotokozera anali a Lonzie Tarver.

Koma mwini nkhani ino ndi akazi awo, mayi Earlean, amene ankasita malaya.

Tsiku la basi mayi Earlean ankalawirira kusita malaya oyera a amuna awo, n'kuwathira sitachi mpaka kolala kuuma moti ukanatha kudulira anyezi. Akawaveka ankamalizira ndi mswachi wa chigwiriro chofiira, kuulowetsa m'thumba la pachifuwa mutu uli kunja ngati cholembera cha kalaliki. A Lonzie ankalumbira pamaso pa ana kuti ndi womwe uja wa m'chaka cha 1965. Mayi Earlean ankadziwa kuti weniweniwo anautsukira nsapato n'kuutaya mwana wawo Vernon asanabadwe, koma pakamwa pawo sipanatulukepo zimenezo.

Iwowo sanagube nawo chaka chimenecho. Anali kamtsikana, ndipo amayi awo ankachapa zovala kwa mzungu wina wa ku khoti. Mwana akanangooneka pamzere, ntchito ikanathera pomwepo. Ndiye anawatsekera m'nyumba n'kukhala pakhomo, ndipo amayi amenewo akakhala pakhomo ngakhale mphepo inkabwerera.

A Lonzie ndiwo anapita. Ana onse oguba ankauzidwa chinthu chimodzi: tenga mswachi, chifukwa ukachoka pa tchalitchi kulowera ku khoti sudziwa kuti ugona kuti. Ndende itadzaza, apolisi anatenga mabasi achikasu, omwe aja onyamula ana kupita kusukulu m'mawa, n'kuthithikizamo anawo kukawatsekera m'makola a ng'ombe ku bwalo la chionetsero cha ziweto. M'mawa mwake kamtsikana kaja kanathawira pawindo ndi chikondamoyo mu thaulo, n'kukachiponya pamwamba pa waya. Chinakagwera pa diso la a Lonzie. Amene analipo amati chikondamoyo cha mayi Earlean masiku amenewo chinali choti ungamangire chimbudzi, mvula n'kudzachilephera.

"Apolisi anandikwapula ndi zibonga, ine nji!" ankatero a Lonzie. "Koma mtsikana uyu anandigwetsa ndi chakudya."

Anakwatirana diso litapola. A Lonzie anatsegula kanyumba kometera anthu pafupi ndi positi, mayi Earlean n'kulowa ntchito yophikira ana kusukulu, komwe anakhalako mpaka mapoto onse anawadziwa kayendedwe. Vernon anakula n'kupita ku Chicago, kumene amaimba foni Lamulungu lililonse kufunsa ngati kukutentha. M'kanyumba kometeramo ndi mmene nkhani ya a Lonzie inanenepera. Galu wa apolisi amene anawaluma mwendo anayamba ali galu wamba. Pofika nthawi imene Vernon ankamaliza sukulu anali atafanana ndi mwana wa ng'ombe, ndipo pomwe mabasi ankayamba kubwera anali bulu wamano ngati makasu, woti akauwa mawindo a ku khoti ankasweka. Koma chipsera pamwendopo chinalipo, chimenecho sichinakule kapena kuchepa.

Wobweretsa mabasiwo anali Shondra Pickens, mwana wa mumpingo mwathu momwemu, amene analembedwa ntchito ndi bungwe lokonza maulendo a ana a sukulu. Dongosolo lake silinkasintha. Ana ankakhala m'holo ya pansi pa tchalitchi, a Lonzie n'kuwafotokozera, kuwaonetsa chipsera, kuwasolorera mswachi. Akafika pa makola a ng'ombe ankatembenuka n'kuloza pa chitseko cha kukhitchini, pamene mayi Earlean ankaima ndi epuloni.

"Mukumuona uyo? Ndi Earlean wanga ameneyo. Samalani naye, ali ndi dzanja."

Ana ankaseka, mayi Earlean n'kuwakupiza ndi thaulo ngati akuingitsa ntchentche. Kenako ankadya mlamba wokazinga, akatha a Lonzie n'kuwandandalika awiriawiri m'mphepete mwa msewu monga ankachitira kale, kuyenda nawo mpaka ku khoti akuimba nyimbo zathu zija.

Matenda anayamba ngati nthabwala. Nsapato zinapezeka m'filiji. Tsiku lina a Lonzie anameta abusa mbali imodzi yokha, n'kuwasasa tsitsi paphewa, kuwauza kuti atha, ndipo Lamulungu limenelo abusa analalikira atapendekera kumodzi kuti mpingo uziona mbali yabwino. Kanyumba kometera kanatsekedwa. Dokotala wa mumzinda anapereka mapiritsi n'kunena mosapsatira kuti amangochedwetsa, sabweza.

M'mawa wina a Lonzie anamaliza kudya, n'kupukuta pakamwa mwaulemu.

"Zikomo mayi, mumaphika bwino. Kodi mkazi wanga mwamuonako? Wachoka kalekale."

"Wapita kukagula nzeru, akuti m'nyumba muno zatha," anayankha mayi Earlean. Anatola mbale n'kulowa kukhitchini, kukatsegula mpopi kuti madzi azisokosa.

Kuyambira pamenepo anasanduka "mayi" m'nyumba yawoyawo, mlendo wabwino mtima amene amachapa ndi kuphika. A Lonzie ankawathokoza pa chilichonse, chinthu chimene sanachitepo pa zaka zonse za ukwati, ndipo mayi Earlean akanalolera kutukwanidwa kusiyana ndi zikomo ameneyo.

Koma tsiku la basi kunkachitika zodabwitsa. Malaya oyera akangolowa m'thupi, mswachi m'thumba, phokoso la ana n'kumveka m'holo, munthu uja ankabwerera. Msana unkawongoka, mawu ankatuluka a kale aja, galu n'kukula bwinobwino. Ndipo akafika pa makola a ng'ombe chala chinkapita chokha pa chitseko cha kukhitchini. "Ndi Earlean wanga ameneyo." Ankawayang'ana m'maso powatchula, akuwadziwa. Pofika kunyumba zinkakhala zitafufutika, koma mayi Earlean ankakhala atamva dzina lawo, ndipo linkawakwanira mpaka basi yotsatira.

Shondra anabwera madzulo ena n'kukhala pakhonde, akusewera ndi makiyi a galimoto.

"Amayi, sabata yatha adadi nkhani ya galu anainena kawiri."

"Galuyo anawaluma kawiri."

"Amayi..."

"Unalipo iwe? Amako omwe anali asanadziwe kupukuta mamina."

"Ku ofesi akuti kanema uja tinawajambula chaka chatha anatuluka bwino. Akuti tizionetsa ameneyo, adadi azipuma."

"Kanema amapereka moni wa pamanja? Kanema ali ndi chipsera choti mwana n'kukhudza? Iwe Shondra, thewera lako ndinasinthapo ine m'tchalitchi muja, lero ukundiuza za ofesi?"

Shondra anaseka, koma maso ali pansi. Mayi Earlean anafuna kumuuza chifukwa chenicheni, koma anadziletsa. Mayi wamkulu ngati iwo anganene bwanji kwa mwana kuti akupempha basi yonse ya ana a eni, kuchokera kutali, kuti mwamuna wawo awatchule dzina? Anangomuthirira tiyi wozizira wina, n'kumudulira chitumbuwa cha mbatata chachikulu ngati tayala. Shondra anadya, ndipo munthu amene wadya chitumbuwa cha mayi Earlean sakana kanthu. Anavomera kuti a Lonzie amalize nyengo imeneyo.

Gulu limene linabwera Lachinayi lotsatira silinali la kumpoto. Anali ana a sukulu ya boma ya chapafupi pompano, tsidya la mtsinje, akuda okhaokha, ana oti agogo awo ena anagona nawo m'makola aja. Basi yawo inatsitsa anawo a Lonzie ali kale m'holo, mayi Earlean ali pa mafuta kukhitchini, moti onse awiri sanaione.

Tsiku limenelo a Lonzie analankhula ngati akudziwa kuti n'komaliza. Galu anafika msinkhu wa njovu. Ana amene analowa akuyang'ana mafoni anawaiwala m'manja. Chala chinapita pa chitseko, dzina linatchulidwa, thaulo linakupizidwa. Mtsikana wina wamtali, wa mikono yowonda, dzina lake Jalisa, anafunsa ngati chikondamoyocho anachidya.

"Ndinadya, mwanawe, ndi chifukwa chake mano akumanzerewa ndi ogula."

Kunja dzuwa linali loti nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale. Shondra, pofuna kuchitira chifundo miyendo ya nkhalamba, anauza dalaivala kuti akawadikire ku khoti konko m'malo mobwerera wapansi. Anapemphanso wapolisi mmodzi kuti akaimitse magalimoto ana akamadutsa msewu. Wapolisiyo anali Darnell, amene a Lonzie anam'meta tsitsi loyamba akulira pamiyendo pa amake.

Anayenda awiriawiri, akuimba, a Lonzie patsogolo, mayi Earlean kumbuyo kwenikweni ndi ambulera monga mwa masiku onse. Atakhota pa ngodya ya positi, mayi Earlean anaiona. Basi yachikasu, itaima pa masitepe a khoti, chitseko chili pululu. Pambali pake galimoto ya apolisi ikuphethira nyali, ndi wapolisi atakweza dzanja.

Mayi Earlean anadziwa kuti a Lonzie nawonso aiona. Anayesa kuthamanga, koma mawondo a munthu amene waima pa mapoto moyo wake wonse sathamanga.

Nyimbo ija a Lonzie anaidula pakati.

"Gwadani! Nonse pansi! Manja kumutu, zigongono kumaso! Atsikana pakati!"

Ana anagwada akuseka, poganiza kuti ndi phunziro lomwelo. Ena anatulutsa mafoni. Aphunzitsi awo anagwedeza mutu kuyamikira. A Lonzie anayamba kuyenda mumzeremo akugwira matumba a ana, mmodzimmodzi.

"Mswachi uli kuti? Iwe, wako uli kuti? Ndani wakutulutsani m'tchalitchi opanda miswachi? Ambuye, ana awa abwera chimanjamanja!"

Kuseka kunayamba kuzilala. Aphunzitsi, pofuna kuthetsa zinthu, anauza ana kuti adzuke akwere basi. Jalisa ndiye anali woyamba pa chitseko. A Lonzie, munthu woti kunyumba ankalephera kutsegula botolo la mapiritsi, anafika pamenepo ngati mphezi n'kumugwira mkono.

"Usakwere! Akupita nawe ku makola!"

"Agogo, mukundipweteka."

"Usakwere, mwanawe, kulibe madzi kumeneko, kulibe denga!"

Darnell anayandikira atavula chipewa. "Adadi, ndine Darnell, mwana wa a Loretta. Musiyeni mwanayo, tikambirane."

A Lonzie sanaone Darnell. Anaona yunifolomu, ndipo anamukokera mtsikanayo kumbuyo kwawo n'kuweramitsa mutu kudikira chibonga. "Menyani ine, bwana. Uyu ndi mwana."

Darnell anabwerera m'mbuyo, chipewa chili pachifuwa. Shondra ankangoti "Adadi, adadi," ngati wailesi yowonongeka. Jalisa anayamba kulira. Ndi pamene mayi Earlean anafika, akupumira m'mwamba, ambulera atataya kumbuyo. Anawagwira amuna awo masaya ndi manja onse awiri.

"A Lonzie. Tandiyang'anani. Ndine Earlean. Zinatha zija, bambo, zinatha kalekale. Tinavota. Mwaiwala munavala suti ya maliro tsiku lake?"

A Lonzie anawayang'ana ndi maso achifundo.

"Earlean ali kwawo, amake am'tsekera. Inu agogo, bwererani kunyumba. Kuno akupwetekani."

Manja a mayi Earlean anatsika okha. Anaima pamenepo kakasi, pakati pa ana ndi mafoni awo. Anaphikira tauni yonse, anakalipirapo abusa atatu ndi meya mmodzi, koma zala zisanu za mwamuna wawo pa mkono wa mwana wa eni zinawakanika.

Amene anazimasula anali Jalisa mwini wake. Akusisima choncho, anatambasula dzanja linalo n'kusolola mswachi m'thumba la a Lonzie.

"Ndautenga, agogo. Onani, ndili nawo. Ndisiyeni tsopano."

A Lonzie anayang'ana mswachiwo, n'kuyang'ana mtsikanayo. Zala zinamasuka pang'onopang'ono.

"Muzibwerekana," anatero motsitsa. "Ukhale pafupi ndi waya. Kumabwera chakudya."

Ana anakwera mwakachetechete. Basi inanyamuka, ndipo a Lonzie anaima pa masitepe a khoti akuiyang'ana mpaka inakhota, misozi ikutsikira pa kolala ija youma.

Pofika Loweruka, kanema wa pafoni anali atazungulira mpaka kwa Vernon ku Chicago. Pa mkono wa Jalisa panatsala zidindo za zala, ndipo amake, ngakhale sanafune milandu, anaimba foni ku ofesi. Shondra anabweranso pakhonde. Ulendo uno makiyi anawasiya m'galimoto, ndipo chitumbuwa anakana.

"Azingokhala pampando," anatero mayi Earlean. "Ku khoti asamapite. Ndiziwagwira dzanja ine mwini."

"Amayi, akana."

"Kumbuyo kwa tebulo. Ana akhale kutali. Ngati n'kuwamanga, ndiwamanga ndi lamba wa epuloni yangayi."

"Akuti asayandikirenso ana. Ndayesetsa, amayi, Mulungu akudziwa. Ndine ndinaitanitsa basi ija ku khoti, sindinaganize..."

"Ukanaganiza bwanji? Iwe basi yachikasu unkakwera ndi chikwama cha mabuku." Kenako anafunsa: "Mwanayo ali bwanji?"

"Ali bwino. Akuti mswachi abweze?"

"Asunge. Si weniweni."

Anapita kwa abusa, abusa n'kuwapempherera. Anaimbira Vernon, Vernon n'kuyamba za nyumba yosungira okalamba, iwo n'kudula foni. Kenako anaganiza zawozawo. Anagula mswachi wina wofiira, anasita malaya, n'kuitana azimayi a kwaya kuti adzakhale m'holo ngati ana a sukulu. Anabwera asanu ndi mmodzi, wamng'ono mwa iwo ali ndi mano anayi, ndipo mayi Earlean anapatsa aliyense botolo la madzi kuti zifanane. Anawaimika a Lonzie kutsogolo, iwo n'kukaima pa chitseko cha kukhitchini ndi thaulo lawo.

A Lonzie anayang'ana azimayiwo mmodzimmodzi, n'kuvula chipewa.

"Pepani, maliro ndi a ndani?"

Azimayi anaseka mpaka wina mano ogula kugwera m'botolo, kenako kuseka kunatha, aliyense n'kuyamba kufunafuna chikwama chake.

Mabasi akubwerabe. Masiku ano ana akakhala m'holo, Shondra amazimitsa magetsi, a Lonzie n'kuonekera pakhoma mu kanema uja, aakulu kuposa galu wawo, kolala ili nji. Mayi Earlean amawasiya amuna awo ndi mayi woyandikana nawo nyumba, n'kupita kukakazinga mlamba, ngakhale bungwe linawauza kuti likhoza kupeza wina wophika. Nkhani ikamayandikira makola a ng'ombe amachepetsa moto, kupukuta manja, n'kukaima pa chitseko. Wojambula uja anaima chapakati pa holo, ndiye chala cha pakhomacho chimaloza chapambali pang'ono, pamene pali chozimitsira moto. Mayi Earlean anaphunzira kusendera pamenepo.

"Mukumuona uyo? Ndi Earlean wanga ameneyo."

Ana ena amatembenuka, ena satembenuka. Iwo amakupiza thaulo.

Akabwerera kunyumba amapeza a Lonzie ali pakhonde, maso ali kumsewu. Zonse amaiwala bambo amenewa, chakudya chimene angodya kumene, dzina la mwana wawo, njira ya kuchimbudzi. Koma basi ija yokha inakanirira.

"Mayi, mwachokera m'tauni? Ana aja awatulutsa?"

"Anawatulutsa, bambo. Onse ali kwawo."

"Mukunena zoona?"

"Ndawaona ndi maso angawa."

A Lonzie amagwedeza mutu ngati munthu amene akudziwa kuti akumunamiza pomumvera chisoni. Amasisita thumba la pachifuwa. Mayi Earlean amakhala pampando winawo kuvula nsapato, ndipo asanamalize kuvula yachiwiri, funso limabweranso.

"Mayi, ana aja awatulutsa?"